Kakasinja ka Tiger ka m'bokosi, ndi mavuto a kasinja weniweni

Mukatsegula bokosi la kakasinja ka Tiger, kachifanizo ka kasinja wa Germany wa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, musayembekezere chidole choti mwana anyamule n'kuyamba kuseweretsa. Mumapezamo timafelemu ta pulasitiki, tina tachikasu, tina totuwa, ndipo pa kafelemu kalikonse pamakhala tizidutswa tambirimbiri, kalikonse ndi nambala yake. Pansi pamakhala kabuku ka zithunzi kolondolera kalumikizidwe kake, ndi kapepala ka zizindikiro zomata. Guluu mulibe, penti mulibe, zimenezo mukagule panokha. Pachivundikiro ndiye pamakhala chithunzi chokopa: chikasinja chili pa liwiro, fumbi lili koboo, mzinga utaloza kutsogolo. Kuti tizidutswato tifanane ndi chithunzicho pamapita milungu, kwa ena miyezi.

Amene amalimbana ndi zimenezi kawirikawiri si ana. Ndi anthu akuluakulu, ena a imvi kumutu, ku Japan, ku Europe, ku America ndi kwina, ndipo ali ndi makalabu, magazini ndi mipikisano yawo. Ife tinakula tikupinda magalimoto a waya, ndiye chilakolako chochepetsa chinthu chachikulu kuti chikwane m'manja timachidziwa. Koma wopinda waya ndi mfumu payekha, akafuna kutalikitsa boneti amatalikitsa, palibe womufunsa. Womanga kakasinja ka m'bokosi ali ndi lamulo lomumanga manja, lomwe ndi sikelo.

Sikelo yodziwika kwambiri pa akasinja ndi 1/35. Muyeso uliwonse wa kasinja weniweni, m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, amaugawa ndi 35. Tiger I anali wotalika mamita 8.45 kuwerengera ndi mzinga womwe, choncho kakeko kamatalika masentimita 24. Msilikali wa mamita 1.75 amasanduka kamunthu ka masentimita 5. Chitsulo cha kutsogolo, chochindikala mamilimita 100, chimatsala chosakwana mamilimita 3, ndipo kukamwa kwa mzinga wa mamilimita 88 kumakhala kabowo ka mamilimita 2.5. Kulemera ndiye kumatsika modabwitsa chifukwa kumagawidwa ndi 35 katatu: kasinja wa matani 57, mutamuchepetsa ndi zitsulo zake zonse, akhoza kulemera kilogalamu imodzi ndi magalamu pafupifupi 300. Masikelo ena aliponso. Pa 1/72 Tiger amakhala masentimita 12, pa 1/16 amapitirira theka la mita, ndipo ena a msinkhu umenewu amayenda ndi rimoti.

Nambala ya 35 sinachokere kwa akatswiri a masamu. Kampani ya Tamiya ya ku Shizuoka, m'dziko la Japan, inayamba mu 1946 ngati malo ochekera matabwa, kenako n'kumapanga tizifanizo ta matabwa isanalowe m'za pulasitiki. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 inatulutsa kachifanizo ka Panther, kasinja winanso wa Germany, koyenda ndi mota, ndipo kukula kwake anakuyeza poona malo okwana mabatire awiri ndi motayo. Atayerekeza ndi Panther weniweni anapeza kuti ndi 1/35. Akasinja otsatira anawapanga pa muyeso womwewo kuti azigwirizana, makampani ena n'kutsatira. Lero Dragon ya ku Hong Kong, Academy ya ku South Korea, Italeri ya ku Italy, Zvezda ya ku Russia ndi Rye Field Model zonse zili ndi Tiger pa 1/35.

Tizidutswato timapangidwa ndi pulasitiki yotchedwa polystyrene, yomwe amaisungunula n'kuipopera mwamphamvu m'chikombole cha chitsulo. Timafelemu tija ndi tinjira tomwe pulasitiki yamadziyo inadutsa popita m'tizipinda ta chikombole, n'kuumira momwemo. Chikombole chimasiya zipsera zake: kamzere pamene mbali ziwiri zinakumana, ndi timadontho tozungulira pamene tizitsulo tinakankha chidutswa kuti chituluke. Womanga amadula kachidutswa ndi kapulayala, amapala kamzereko ndi kampeni kakuthwa, n'kusalaza ndi sandipepala. Guluu wake ndi wachilendo. Amasungunula pang'ono pulasitiki ya mbali zonse ziwiri, ndipo ikauma zimakhala chinthu chimodzi. Kadontho kakagwera polakwika inu n'kupukuta ndi chala, chidindo cha chalacho chimatsalira pa kasinja mpaka kalekale.

Tsono kasinja weniweniyo. Ajeremani atakumana ndi akasinja ochindikala a Britain ndi France mu 1940, Matilda ndi Char B1, anaona kuti mizinga yawo ikuchepa mphamvu. Mu Meyi 1941 makampani awiri, Henschel ndi Porsche, anauzidwa kuti akonze kasinja wolemera. Patangotha mwezi nkhondo ndi Soviet Union inabuka, ndipo akasinja a dzikolo, T-34 ndi KV-1, atatulukira, ntchitoyo anaifulumizitsa. Pa 20 Epulo 1942, tsiku lokumbukira kubadwa kwa Hitler, makampani onse awiri anakaonetsa zawo ku Rastenburg. Wa Henschel ndiye anasankhidwa, ndipo kuyambira Ogasiti 1942 kufika Ogasiti 1944 fakitale yake ya ku Kassel inatulutsa akasinja pafupifupi 1,350. Mkati munkakhala anthu asanu: mtsogoleri, wowombera, wolowetsa zipolopolo, dalaivala ndi wa wailesi. Koyamba anawatumiza kufupi ndi Leningrad, m'madambo ndi m'nkhalango, ndipo sizinayende bwino, angapo anafa giya kapena kutitimira asanachite kanthu.

Zaka ziwiri zokha, koma m'zaka ziwirizo kasinjayu ankasinthidwa pafupifupi mwezi ndi mwezi, ndipo apa ndi pamene wogula bokosi loyamba amazungulira mutu. Pachivundikiro pamalembedwa kuti Early, Mid kapena Late Production, kutanthauza oyambirira, apakati kapena omalizira kupangidwa. Magulu amenewa anawakhazikitsa ndi anthu ofufuza mbiri nkhondo itatha, pamene fakitale inkangosintha chimodzichimodzi ntchito ili mkati. Akasinja 250 oyambirira anali ndi injini ya Maybach HL 210, otsatira anapatsidwa HL 230 yamphamvuko. Oyambirira pafupifupi 500 anali ndi zida zoti azitha kuwoloka mtsinje atamira, popeza milatho yambiri sikanatha kuwanyamula, koma kenako zimenezo anazisiya. Kumbuyo kwa akalewo kunali timigolo tosefera fumbi totchedwa Feifel, tomwe tinachotsedwa chakumapeto kwa 1943. Kachipinda ka mtsogoleri, pamwamba pa mutu wa kasinja, poyamba kanali kakatali ndipo adani sankavutika kukalasa, choncho kuyambira Julayi 1943 anaika kafupi kokhala ndi magalasi oonera. Mu Febuluwale 1944, labala atasowa, mawilo okutidwa ndi labala analowedwa m'malo ndi achitsulo. Ndiye womanga sangangonena kuti akumanga Tiger. Anzake amufunsa kuti Tiger wa mwezi uti, wa gulu liti, wa kudera liti. Akaika timigolo ta Feifel pa kasinja wa mawilo achitsulo, pa mpikisano amuloza chala, pokhapokha aonetse chithunzi cha mmodzi mwa ochepa amene anakonzedwanso posakaniza zida zakale ndi zatsopano.

Gawo lotopetsa kwambiri ndi mawilo, ndipo aliyense amene anamangapo Tiger angavomereze. Kuti matani 57 asatitimire, akatswiri a Henschel anafunika kugawa kulemerako pa mawilo ambiri. Anaika maekisero 8 mbali iliyonse, n'kusanja mawilo akuluakulu molowana, mzere wina kubisala kumbuyo kwa unzake. Tiger woyambirira anali ndi mawilo 24 mbali imodzi, 48 onse pamodzi, osawerengera la mano lokoka tcheni ndi la kumbuyo. Pa tebulo la womanga, wilo lililonse liyenera kudulidwa, kupalidwa kamzere ka chikombole kuzungulira konse, kupakidwa penti pakati, kenako kulembedwa mkombero wakuda wa labala ndi kabulashi kakang'ono, dzanja losanjenjemera. Mukamaliza 10 mumayesa mwagwira ntchito, mukayang'ana m'mbale mwatsala 38. Choipa n'chakuti oposa theka akabisika kumbuyo kwa anzawo, palibe adzawaone. Ndipo ali ndi ndondomeko yake yolowera. Mukayamba ndi mzere wolakwika, wamkati sulowanso.

Makaniko wa ku nkhondo ankakumana ndi zomwezo, kungoti kwa iye wilo lililonse linali chitsulo cha masentimita 80 chofuna anthu angapo. Labala wa wilo lamkati akatha, zomwe zinkachitika kawirikawiri, pankafunika kuchotsa mawilo ena mpaka 9 kuti alifikire. Ku Russia matope ndi chipale chofewa zinkalowa pakati pa mawilowo masana, usiku n'kuundana gwa, m'mawa kasinja osasuntha. Kayendedwe kake kanalidi kosalala, wowombera sankagwedezeka kwambiri, koma mtengo wake unali umenewo. Ine ndimaona kuti pamenepa pulasitiki imaphunzitsa kuposa kuwerenga. Munthu amene wakhala usiku wonse akupala timawilo safunikanso kumufotokozera chifukwa chimene mayiko ena sanatengere kasanjidwe kameneka.

Matcheni nawonso ali ndi nkhani yawo. Tcheni chimodzi chinali ndi mfundo 96, ndiye kasinja yense 192. Makampani amapereka njira zosiyana. Ena amaika lamba wofewa woumbiratu, mumangolumikiza nsonga zake, koma amaoneka wokungika ngati lamba wa makina. Ena amapereka mfundo imodziimodzi, ndipo kwa ena mfundo iliyonse ili ndi timano take tomata padera. Amene amasankha njira yovutayi ali ndi chifukwa: Tiger analibe timawilo tonyamula tcheni cha pamwamba, chinkangogona pa mawilo akuluakulu aja n'kumalendewera pang'ono kutsogolo, ndipo kulendewerako ndi kumene kumachititsa kuti pulasitiki ioneke yolemera. Tiger weniweni anali ndi matcheni a mitundu iwiri. A kunkhondo anali otambalala mamilimita 725, moti kasinja akakwera sitima ankatulukira m'mbali kupyola muyeso wololedwa pa njanji. Pokwera sitima asilikali ankamasula mawilo akunja, n'kuvula matcheniwo, n'kuveka ang'ono a mamilimita 520, ndipo akafika ankabwereza ntchito yonseyo chobwerera m'mbuyo. Kasinja ameneyu sankayenda yekha mitunda yaitali, chifukwa injini ndi giya sizinkapirira, ndiye kuvula ndi kuvala kumeneku kunali kwa nthawi ndi nthawi.

Mukaona Tiger wa khungu la mizeremizere, chimenecho ndi Zimmerit. Ajeremani anali ndi bomba la maginito lomwe msilikali ankathamanga nalo n'kukalimata pa kasinja wa adani, ndipo ankaopa kuti adani awatengera nzeru. Kuyambira chakumapeto kwa Ogasiti 1943 anayamba kupaka akasinja phala losakaniza mankhwala, utuchi ndi guluu, n'kulikanda mizere lisanaume, kuti maginito asafike pa chitsulo. Adani aja mabomba oterowo sanawagwiritse ntchito kwenikweni. Mu Seputembala 1944 phalalo analisiya kutamveka mphekesera yoti limayaka moto likawombedwa, yomwe itayesedwa inapezeka yabodza. Chaka chathunthu fakitale inkataya masiku kupaka ndi kuumitsa chinthu chotchinjiriza ngozi yomwe sinabwere. Womanga Tiger wa miyezi imeneyo sangachizembe. Ena amapaka phala lopyapyala n'kumadinda mizere ndi kasikuludiraiva, kamzere kamodzikamodzi, ena amagula mapepala omata odindiratu, ndipo mabokosi ena amabwera mizereyo itaumbidwa kale.

Pa penti ndi pamene pamabuka mikangano yosatha. Mpaka kumayambiriro kwa 1943 akasinja ambiri a Germany ankatuluka otuwa moderako, mtundu wa nambala RAL 7021. Mu Febuluwale 1943 lamulo linasintha, mtundu woyambira unakhala wachikasu choderako, RAL 7028, ndipo wobiriwira ndi wofiirira ankaperekedwa kwa asilikali kuti azipaka okha malinga ndi dera. Tamiya imagulitsa timabotolo ta mitundu imeneyi, XF-63 wotuwa, XF-60 wachikasu, XF-64 wofiirira, ndipo makampani ena a penti ali ndi yawo, aliyense akuti wake ndiye wolondola. Koma penti wa kunkhondo ankabwera ngati phala m'zitini, ndipo ankamusungunula ndi chilichonse chimene chapezeka, petulo kapena madzi. Wina ankapopera ndi makina, wina ndi bulashi, wina ndi tsache. Nyengo yozizira ankapaka njereza pamwamba, mvula n'kumaikokolola. Zithunzi zambiri za nthawiyo n'zopanda mitundu. Ndiye munthu akamalumbira kuti chikasu chake ndiye chenicheni, ine ndimangomvetsera.

Penti akauma pamabwera ntchito yokalambitsa, yomwe ndi luso palokha. Womanga amathira penti wamadzimadzi woderako kuti alowe m'ming'alu ndi kuzungulira mabawuti, amadontheza tizipsera ndi kasiponji m'malo omwe nsapato zinkaponda, amanyika fumbi la choko m'mawilo, amadetsa mapaipi a utsi. Ikachitika bwino, diso limaiwala kuti ndi pulasitiki. Koma masiku ano ambiri amapyola muyeso. Mumaona Tiger ali dzimbiri lokhalokha ngati wakhala pa mtetete zaka makumi awiri, pamene akasinja ambiri sankatha ngakhale chaka asanawonongedwe kapena kubwezedwa kokakonzedwa. Matope ndi fumbi zinalipo zambiri, dzimbiri linalibe nthawi yokwanira.

Nanga makampani miyeso amaitenga kuti? Mwa akasinja 1,350 aja, otsala lero sakwana 10. Wina ali ku Saumur ku France, wina ku Kubinka ku Russia, wina waima panja m'mbali mwa msewu ku Vimoutiers, ku France komweko. Wotchuka kuposa onse ndi Tiger 131 wa ku The Tank Museum ku Bovington, m'dziko la England, amene kwa zaka zambiri wakhala yekhayo woyendabe. Anali wa gulu la akasinja olemera nambala 504, ndipo nambala ya pamutu pake ikutanthauza kampani yoyamba, kagulu kachitatu, kasinja woyamba. Asilikali a Britain anamugwira ku Tunisia mu Epulo 1943, chipolopolo chitakanirira pansi pa mzinga n'kuumitsa mutu kuti usazungulire, eni ake n'kuthawa. Mfumu George VI ndi Winston Churchill anakamuona ali ku Tunis komweko. Makampani ambiri anatulutsapo bokosi la 131. Komabe wa mu miziyamu naye ayenera kuonedwa mosamala, chifukwa pomukonza kuti ayendenso anamuika injini ya HL 230, pamene yake yeniyeni inali HL 210. Amene akumanga zamkati n'kungokopera zomwe waona ku Bovington amamanga kasinja wa lero, osati wa ku Tunisia.

Kapepala ka zizindikiro kaja ndi kakang'ono koma kali ndi nkhani yolemera. Mumadula chizindikiro, kuchiviika m'madzi, n'kuchitsetsereza pa kasinja. Mtanda wakuda wa m'mbali, Balkenkreuz, unali chizindikiro cha asilikali a Germany ndipo suletsedwa. Koma swastika, chizindikiro cha chipani cha Nazi cha Hitler, ndi zilembo za SS, gulu la zida la chipanicho, n'zoletsedwa kuzionetsa poyera m'dziko la Germany, pansi pa gawo 86a la malamulo a milandu, choncho makampani amazisiya kapena kuzidula pakati. Ngakhale zili choncho, mabokosi ambiri amadalirabe dzina la Michael Wittmann, amene anawononga magalimoto ndi akasinja a Britain ku Villers-Bocage, m'dziko la France, pa 13 Juni 1944, n'kuphedwa pa 8 Ogasiti chaka chomwecho ali mu Tiger nambala 007. Wittmann anali ofisala wa SS, gulu lomwe khoti la ku Nuremberg linagamula mu 1946 kuti linali la zigawenga, ndipo kutchuka kwake kunakulitsidwa ndi ofalitsa nkhani a chipani cha Nazi omwe ankasowa ngwazi pamene nkhondo inkawathawa. Kabuku ka m'bokosi kamatchula gulu, tsiku ndi mtundu wa penti. Sikanena kuti m'mafakitale a Henschel ku Kassel munkagwira anthu zikwizikwi ogwidwa m'mayiko olandidwa n'kukakamizidwa ntchito. Kumanga kakasinja sikusandutsa munthu wa Nazi, ambiri amakopeka ndi makina chabe, koma amene amadziwa mwezi womwe bawuti inasinthidwa alibe chowiringula chosadziwira amene ankaimanga.

Kuti Tiger anali woopsa palibe amatsutsa. Mu 1943 mzinga wake unkaboola akasinja a adani ali patali pomwe iwo sakanatha kumubwezera, ndipo pa nkhondo ya ku Kursk, ku Russia, mu Julayi chaka chimenecho, kumene kunali ma Tiger pafupifupi 150, anawonongadi ambiri. Koma mmodzi ankadya ndalama zopitirira kuwirikiza kawiri mtengo wa Panzer IV, kasinja wocheperapo wa Germany, ndipo pamene Germany inkatulutsa 1,350, America inapanga akasinja a Sherman pafupifupi 50,000, Soviet Union ma T-34 oposa pamenepo. M'mashelefu a sitolo za tizifanizo chiwerengerocho chimatembenuka, mitundu ya mabokosi a Tiger imachuluka ngati ndiye anadzaza Europe yense. Gulu limodzi linkayenera kukhala ndi akasinja 45, koma tsiku lililonse ambiri ankakhala ali m'manja mwa amakaniko. Malita 540 a petulo ankatha msanga, ndipo pobwerera m'mbuyo ochuluka anaphulitsidwa ndi eni ake chifukwa afa giya kapena mafuta atha, popanda chowakokera.

Kukoka Tiger wakufa ndi Tiger mnzake kunali koletsedwa, poopa kuti injini ya wokokayo ipsa n'kutaya awiri, ngakhale asilikali ankachitabe zikavuta. Ntchitoyo inali ya chigalimoto chotchedwa Famo, cha mateyala kutsogolo ndi matcheni kumbuyo, chopangidwira kukoka matani 18. Omanga ena, m'malo moika Tiger wawo pa liwiro ngati wa pachivundikiro, amamumanga ali pa msewu wamatope, tcheni chitaduka, zingwe zachitsulo zitamangidwa kutsogolo. Tamiya imagulitsa Famo pa sikelo yomweyo ya 1/35, nayenso ndi mawilo ake olowana ofuna kupala. Kungoti wofuna kutsata mbiri molondola ayenera kugula mabokosi atatu, chifukwa nthawi zambiri pankafunika ma Famo atatu kuti Tiger mmodzi asunthe.